Akuti ndibatizidwenso ndisanakwatiwe ku Baptist: yankho kwa achemwali a ku Nkhoma

Kalata yanu ya pa imelo ndaiona, achemwali, ndipo ndiidule kuti enanso amve nawo. Munabadwira mu CCAP, Sinodi ya Nkhoma. Munabatizidwa muli khanda, munalowa kalasi, mumadya mgonero. Mwapeza mwamuna wa mpingo wa Baptist, chinkhoswe chachitika, koma apongozi akuti ukwati usanadalitsidwe mukamizidwe kaye m'madzi. Mukufunsa kuti anthuwa amakhulupirira chiyani makamaka, komanso ngati akutanthauza kuti zaka zonsezi simunali Mkhristu.

Ndiyambe ndi chachiwiricho poti ndi chimene chikukusowetsani tulo. A Baptist saphunzitsa kuti madzi amapulumutsa munthu. Pa nkhani ya chipulumutso iwo ndi a ku Nkhoma amanena chimodzi: munthu amapulumuka mwa chisomo cha Mulungu pokhulupirira Yesu Khristu amene anafa ndi kuuka, ndipo Baibulo ndilo muyeso wa chiphunzitso chilichonse. M'busa wa Baptist amene anaphunzira bwino sanganene kuti ndinu wotayika chifukwa madzi anangokudonthezerani pamutu. Akatero wasiya chiphunzitso cha kwawo komweko.

Pamene amasiyana ndi pa funso loti mpingo ndi ndani. Kwanu amati mpingo ndi okhulupirira pamodzi ndi ana awo. Amaloza pa Genesis 17, pamene Mulungu anapangana ndi Abrahamu ndipo ana aamuna ankalandira chizindikiro cha pangano ali ndi masiku asanu ndi atatu, komanso pa Machitidwe 16 pamene Lidiya ndi woyang'anira ndende wa ku Filipi anabatizidwa ndi a pabanja pawo. A Baptist amati mpingo ndi anthu amene aliyense wavomereza Yesu ndi pakamwa pake, ndipo khanda silingatero. N'chifukwa chake ana amangowapereka kwa Mulungu ndi pemphero, madzi adikire mwanayo adzasankhe yekha. Kumizako amakutenga pa Aroma 6, pamene Paulo akuti tinaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu mu ubatizo, ndi pa Machitidwe 8 pamene Filipo ndi nduna ya ku Etiopia anatsikira onse m'madzi.

Ngati simunaonepo ubatizo wawo, pitani mukaone musanaganize zambiri. Kumudzi umachitikira pamtsinje kapena padamu. Dikoni amayamba walowa ndi ndodo kuyesa kuzama, m'busa n'kuima madzi ali m'chiuno. Wobatizidwa amafunsidwa pamaso pa onse ngati walandira Yesu, amayankha yekha mokweza, kenako amamugoneka chagada mpaka nkhope kubisika n'kumudzutsa. Amayi ali pamtunda ndi zitenje zofunditsa, nyimbo ili pakamwa. M'matchalitchi ena a m'tauni muli dziwe la simenti kutsogolo. Chachikulu pa mwambo wonsewo ndi yankho lija la munthu mwini wake.

Maganizo amenewa ali ndi kochokera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 lamulo la ku England linkakakamiza aliyense kupita ku tchalitchi cha boma, ndipo mwana akabadwa ankabatizidwa kukhala membala wa tchalitchicho. Gulu lina lokana zimenezi linathawira ku Amsterdam, ndipo mu 1609 mtsogoleri wawo John Smyth anadzibatiza yekha, kenako anabatiza anzake. Chodabwitsa n'choti anachita mothira madzi. Kumiza kunadzakhazikika cha m'ma 1640. Kotero chimene chinayamba ndi kukana kuti munthu alowetsedwe mumpingo asanavomere, kuchuluka kwa madzi kunabwera pambuyo.

Mnzake wa Smyth, Thomas Helwys, anabwerera ku London n'kuyambitsa mpingo woyamba wa Baptist ku England cha mu 1612. Analembera mfumu James kuti mfumu ndi munthu wakufa, si Mulungu, ndipo ilibe ulamuliro pa mizimu ya anthu. Anafika ponena kuti ngakhale Myuda, Msilamu kapena wophunzitsa zonama asalangidwe ndi boma chifukwa cha chipembedzo chake. Anamutsekera ku ndende ya Newgate ndipo anafera komweko. John Bunyan, mlaliki wina wa ku England, naye anakhala zaka khumi ndi ziwiri m'ndende ku Bedford kuyambira mu 1660 chifukwa cholalikira popanda chilolezo. Ndipo Bunyan yemweyo ankalimbikira kuti kusiyana pa ubatizo wa madzi kusatsekereze Mkhristu mnzako ku mgonero, zimene zinamukanganitsa ndi a Baptist ena a nthawi yake. Mkangano umene wafika pakhomo panuwu ndi wakale ndithu.

Pa muzu womwewo panaphuka china chimene chidzakudabwitseni. Kwanu kuli bwalo la akulu a mpingo, presibitale ndi sinodi, ndipo chimene sinodi yagamula chimafika mpaka pa kampingo ka kumudzi. Ku Baptist mpingo uliwonse umadzilamulira. Mamembala ndiwo amaitana m'busa, amasankha madikoni, amavomereza ndalama, ndipo akhoza kumuchotsa m'busayo pa msonkhano. Bungwe lawo lalikulu, lotchedwa Convention, limagwirizanitsa mipingo pa za maphunziro ndi kufalitsa uthenga, koma sililamula. Ubwino wake ulipo, popeza mayi wogulitsa tomato ali ndi voti yofanana ndi ya bwana wa ku banki. Kuipa kwakenso kulipo: mpingo ukakangana palibe bwalo lapamwamba lokathetsa mlandu, ndiye kugawikana sikuchedwa.

Kuno kwathu mbewuyi inabwera ndi Joseph Booth, Mngerezi wa Baptist amene anachokera ku Melbourne n'kufika mu 1892, patangopita zaka zitatu chiyambire mishoni ya ku Mvera imene inabala Sinodi yanu. Anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre, ndipo mu 1893 anabatiza mnyamata amene ankamugwirira ntchito, John Chilembwe. Chilembwe anapita naye ku America mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg m'boma la Virginia, ndipo mu 1900 anabwerera kudzatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mothandizidwa ndi National Baptist Convention, bungwe la a Baptist akuda a ku America. Zoti mu 1915 anaukira boma la atsamunda mukuzidziwa. Tchalitchi chake anachigumula, ndipo mishoniyo inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu. Nkhope imene ili pa K500 ndi pa K2000 ndi ya Chilembwe yemweyo, m'busa wa Baptist.

Amishonale a Southern Baptist anafika mochedwa, mu 1959, ndipo ntchito yawo ndiyo inabala Baptist Convention of Malawi. Mbiri ya mbali iyi ili ndi chipsera: Southern Baptist Convention inakhazikitsidwa mu 1845 atakangana ndi a kumpoto kwa America pa nkhani yoti osunga akapolo angathe kukhala amishonale, ndipo anadzapepesa poyera mu 1995. Anthu a ufulu wa chikumbumtima nawonso anapunthwa pa ufulu wa anzawo. Ndatchula izi kuti mufunse kuti bwenzi lanulo ndi wa Baptist iti, chifukwa dzina ndi limodzi koma nyumba ndi zingapo.

Tsopano maganizo anga. Apongozi anu akupempha chinthu cha Baptist m'njira imene si ya Baptist. Ubatizo woti munthu alowe m'banja, wochitika chifukwa tsiku la ukwati layandikira ndipo makadi asindikizidwa kale, ndi womwe uja Helwys anafera akuukana, kungoti wokakamizayo pano si mfumu koma apongozi. M'busa akadzakufunsani muli m'madzi, yankho loona lidzakhala loti mukufuna mtendere ndi akuchimuna, ndipo limenelo si yankho limene mwambowo unakonzedwera. Ngati mutawerenga malembawo n'kukhutira kuti a Baptist akunena zoona, batizidwani ndi mtima wonse, ukwati ulipo kapena palibe. Ngati mukukhulupirira kuti Mulungu anaika kale chizindikiro chake pa inu muli khanda, muli ndi zifukwa za m'Baibulo zomwe Akhristu ochuluka aimapo kwa zaka mazana, ndipo musachite manyazi kuzinena mwaulemu.

Chochita choyamba ndi kupita kwa m'busa wa mpingowo, inu ndi bwenzi lanu, apongozi asakhalepo. Poti mpingo uliwonse umadziikira malamulo, mufunse zinthu zitatu padera: kodi angadalitse ukwati wanu musanamizidwe, kodi mungadye nawo mgonero, ndipo kodi umembala ndi kulowa Umodzi wa Amayi zimafuna chiyani. Kawirikawiri pa umembala ndi pamene kumizidwa sikuzembeka, pomwe pa ukwati ndi mgonero mipingo imasiyana. Mukaonanenso ndi abusa anu a ku Nkhoma, chifukwa kumeneko ubatizo ndi umodzi basi, ndipo kubatizidwanso kumakhudza umembala wanu. Ndi bwino amve kwa inu kusiyana ndi kumva kwa amayi a Chigwirizano.

Pali nkhani imene simunaifunse koma idzafika chaka chamawa kapena chinacho: ana. Amayi anu adzafuna mdzukulu abatizidwe ali wakhanda, apongozi adzati adikire akule. Muikambirane tsopano awirinu, mugwirizane, ndipo ankhoswe a mbali zonse auzidwe chimene mwagwirizanacho ukwati usanachitike.