Mwana wanga ntchito akuidziwa kale, satifiketi ndi yachiyani?

Mayi wina wafunsa kuti: "Mwana wanga wakhala akuyenda ndi mmisiri wa zamagetsi kwa zaka zingapo, moti pano amaika mawaya m'nyumba yonse payekha. Akuti ndimulipirire sukulu ya zaluso. Kodi si kutaya ndalama kumeneku?"

Mayi, ntchito akuidziwadi, koma akuidziwa mmene anaionera kwa munthu mmodzi. Wophunzira poonera amatengera zonse, zabwino ndi zolakwika zomwe, osadziwa kuti zolakwikazo ndi ziti.

Mumufunse chifukwa chake pa mababu amaika waya wa 1.5 mm² koma pa masoketi wa 2.5 mm². Akangoti "ndi mmene timachitira", dziwani kuti sukuluyo ikufunikadi. Waya wochepa ukasenza mphamvu yoposa msinkhu wake umatentha pang'onopang'ono mkati mwa khoma, pulasitiki wake n'kumapsa. Tsiku lomaliza ntchito mababu onse amayaka, mwininyumba n'kulipira akumwetulira. Moto umadzabuka patapita miyezi, mmisiri ataiwala kale za nyumbayo. N'chimodzimodzi ndi waya wa earth, wopititsa magetsi m'nthaka pakachitika vuto. Popanda wayayu zinthu zimagwira ntchito bwinobwino, mpaka tsiku limene waya wa mufiriji wakhudza chitsulo, mwana n'kudzagwira chitseko chake. Kusukulu amaphunzira kuwerengera kukula kwa waya, kuwerenga pulani, kuyeza ndi mita asanayatse magetsi, komanso chifukwa chake RCD ya 30 mA, swichi yozimitsa magetsi yokha akayamba kudutsa posayenera, imapulumutsa moyo. Zimenezi sizioneka ndi maso, ndiye munthu sangaziphunzire pongogwirizira makwerero.

Nanga pepalalo? Amene amamudziwa mwana wanu safuna satifiketi. Koma kampani yomanga, ofesi yopereka makontirakiti a ntchito kapena bwana wa kudziko lina sanamuonepo akugwira ntchito. Chimene angakhulupirire ndi umboni woti anayesedwa ndi anthu amene si abale ake. Mayeso enieni a zaluso si masewera: mwachitsanzo, pa muyezo wa ISO 9606 woyesera amisiri owotcherera zitsulo, chitsulo chimene wowotcherera walumikiza amachiunika, mwinanso kuchidula ndi kuchipinda, kuti aone ngati mkati mwagwirana. M'maiko ambiri, wopanda chiphaso saloledwa kusainira mawaya a nyumba. Iye amagwira ntchito yonse, wina n'kudzasaina, ndipo ndalama zambiri zimapita kwa wosainayo. Kwa ine, ichi chokha n'chokwanira kuti mumulipirire.

Sindikunyoza kuphunzira pantchito ayi. Ku Germany, kumene amisiri ake amatamandidwa, wophunzira amakhala masiku ena pakampani, ena m'kalasi, kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, kenako amalemba mayeso. Mwana wanu mbali imodzi ali nayo kale.

Ndiye musafulumire kumulembetsa chaka choyamba. Maiko ambiri ali ndi ndondomeko yotchedwa Recognition of Prior Learning, imene amayesa luso limene munthu anapeza pantchito n'kumupatsa satifiketi, kapena kumuuza mbali zimene akupereweramo. Ayambe kusunga zithunzi za ntchito zake ndi kalata yochokera kwa mmisiri amene wamuphunzitsa.

Musanapereke fizi, funsani bungwe loyang'anira maphunziro a zaluso m'dziko lanu ngati sukuluyo inalembetsedwa, ndiponso amene amakonza mayeso ake ndi ndani. Mupitenso mukaone malo ophunzirira ntchito. Mukapeza mabenchi ndi bolodi zokha, popanda mawaya, mamita ndi zida, kafuneni sukulu ina.