Makungwa a mtengo, mbewa ndi katemera wa malungo

Mayi wina amene amaphunzitsa ku pulayimale ku Mchinji wanditumizira imelo. Akuti mwana wake wa miyezi 6 atabayidwa katemera wa malungo kusikelo, pamene panalowa jakisoni panatupa ndipo usiku wake anatentha thupi. Kenako mnzake wina kuntchito anamuuza kuti m'katemerayu amathiramo "makungwa a mtengo wa kunja" komanso kuti anangoyesera pa mbewa. Funso lake ndi loti: kodi zimenezi n'zoona, nanga ngati n'zoona, mbewa ikugwirizana bwanji ndi mwana wa munthu?

Mayi, zikomo chifukwa chofunsa m'malo mongosiya kupita kusikelo. Za makungwazo mnzanuyo sananame. Za mbewazo anangonena theka.

Katemera wa malungoyu, wotchedwa RTS,S, amene Malawi inayamba kupereka mu April 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira, mulibe kachilombo ka malungo kamoyo. Muli kachidutswa ka puloteni ya pakhungu la kachilomboko, pa msinkhu umene udzudzu umakalowetsa m'thupi kasanafike m'chiwindi. Vuto lake n'lakuti puloteni yoyeretsedwa bwino yotere, ikalowa yokha, thupi silitekeseka nayo. Zili ngati kupachika chithunzi cha wakuba pa mtengo wa pabwalo: anthu adutsa, ena ayang'ana, ambiri aiwala. Koma wina akakuwa kuti "wakubaa!", mudzi wonse udzuka ndipo nkhopeyo saiiwalanso. Chokuwacho m'katemera chimatchedwa adjuvant.

Zinadziwika mwangozi. M'zaka za m'ma 1920, dokotala wa ziweto wa ku France, Gaston Ramon, ankabaya mahatchi kuti apeze mankhwala a matenda a diphtheria m'magazi awo. Anaona kuti mahatchi amene anachita chithupsa pamene anabayidwa ndi amene ankapanga asilikali ambiri a m'thupi olimbana ndi poizoni wa matendawa. Anayamba kuthiramo dala zinthu zonyerenyetsa, ngakhale ufa wa chinangwa, ndipo zinathandizadi. Mu 1926, Alexander Glenny ku England anapeza kuti mchere wa aluminiyamu umachitanso chimodzimodzi popanda kuvulaza kwambiri. Kwa zaka pafupifupi 70 mchere umenewu ndiwo unali pafupifupi wokhawo wololedwa m'akatemera a anthu, ndipo mpaka lero umapezeka m'katemera wa matenda asanu amene ana athu amalandira ali ndi masabata 6, 10 ndi 14.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi yonseyo palibe ankadziwa bwinobwino chifukwa chake zimagwira ntchito. Mu 1989 Charles Janeway wa ku yunivesite ya Yale ananena poyera kuti thupi liyenera kukhala ndi njira yobadwa nayo yozindikirira zizindikiro za tizilombo, ndipo popanda zizindikirozo chitetezo sichidzuka. Umboni wake unachokera ku nyama za mulabotale. Mu 1996 gulu la Jules Hoffmann ku Strasbourg linaonetsa kuti tintchentche ta pazipatso topanda jini yotchedwa Toll timafa ndi nkhungu. Mu 1998 gulu la Bruce Beutler ku Texas linapeza kuti mbewa za mtundu wina, zimene sizinkamva poizoni wa pakhungu la mabakiteriya, zinali ndi vuto pa kachipangizo kozindikira tizilombo kotchedwa TLR4, kofanana ndi Toll uja. Hoffmann ndi Beutler analandira mphoto ya Nobel mu 2011 pamodzi ndi Ralph Steinman, amene mu 1973 anatulukira maselo otchedwa dendritic, omwe amatola zidutswa za kachilombo n'kupita nazo kukaonetsa asilikali ena.

Adjuvant wa m'katemera wa mwana wanu amatchedwa AS01, ndipo mulibe aluminiyamu. Muli zinthu ziwiri zokutidwa m'timipira tating'onoting'ono ta mafuta. Choyamba ndi MPL, chochokera pakhungu la bakiteriya wa Salmonella koma atachotsa ululu wake. Chimagogoda pa TLR4 yomwe ija. Chachiwiri ndi QS-21, chimene amachiyenga kuchokera ku khungwa la mtengo wa Quillaja saponaria wa ku Chile, umene anthu a kumeneko ankaugwiritsa ntchito ngati sopo chifukwa umachita thovu. Amenewo ndiye makungwa aja. Katemera wachiwiri wa malungo, R21, amene bungwe la WHO linavomereza mu 2023, nayenso adjuvant wake Matrix-M amachokera ku mtengo womwewo.

Pa mbewa m'pamene ofufuza anaonera chimene chimachitika jakisoni akangolowa, chifukwa pali zinthu zimene sungachite pa mwana wa munthu. Amabaya mbewa pa mnofu wa mwendo, ndiye pakapita maola ochepa, kapena tsiku, kapena sabata, amachotsa mnofuwo ndi kamwanabere ka pafupi n'kuwerenga maselo. Anapeza kuti AS01 sakhalitsa pa mnofu. M'maola ochepa amakhala wafika kale m'kamwanabere, maselo a m'menemo n'kutulutsa mankhwala oitanira anzawo, makamaka interferon-gamma. Maselo oyera a magazi amakhamukira pamalopo, ma dendritic amachuluka atanyamula puloteni ya katemera, n'kuyamba kuphunzitsa maselo a T ndi a B amene adzakumbukire mdaniyo. Pakatha masiku owerengeka phokoso lonse limazilala. Anapezanso kuti MPL yekha kapena QS-21 yekha safika pamene amafika akakhala limodzi, komanso kuti adjuvant ndi puloteni zikabayidwa malo osiyana kapena motalikirana masiku, phindu limatayika. Kutupa ndi kutentha thupi kumene munaona usiku uja ndi mbali ya chipwirikiti chimenechi.

Koma mbewa si munthu, ndipo amene amagwira ntchitoyi amadziwa zimenezi kuposa aliyense. Tizipangizo tina ta TLR timapezeka pa maselo osiyana mwa mbewa ndi mwa munthu, moti adjuvant wina amachita zodabwitsa mwa mbewa n'kudzakhumudwitsa mwa anthu. Pali wina wamphamvu zedi wotchedwa Freund, wosakaniza mafuta ndi mabakiteriya akufa a mtundu wa TB, amene sanaloledwe pa anthu chifukwa amasiya zilonda. Chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi kafukufuku wa mu 2016 wa ku yunivesite ya Minnesota. Mbewa za mulabotale zimakulira m'makola aukhondo kwambiri, sizinadwalepo. Ofufuza anapeza kuti chitetezo chawo chimafanana ndi cha khanda lobadwa kumene, ndipo atazisakaniza ndi mbewa zogulitsidwa m'masitolo a ziweto, zimene zinapulumuka zinasintha n'kufanana ndi munthu wamkulu. Ndiye taganizirani mwana wa ku Mchinji, amene mayi ake anadwalapo malungo ali oyembekezera, amene amakumana ndi njoka za m'mimba ndi chimfine chosatha. Thupi lake silingayankhe ngati la mbewa ya m'kola. N'chifukwa chake ndimaona kuti kafukufuku wa chitetezo cha m'thupi wochitikira kuno kwathu, pa magazi a anthu athu, ndi wofunika kumuikira ndalama.

Choncho mbewa ndi anyani zimathandiza kusankha chimene chili choyenera kuyesa, koma chigamulo chimachokera kwa anthu. Mu 1997 ofufuza a ku bungwe la kafukufuku la Walter Reed ku America anafalitsa zotsatira za RTS,S yemweyu atasakanizidwa m'njira zitatu. Akuluakulu odzipereka anabayidwa, kenako n'kulumitsidwa dala ndi udzudzu wa malungo. Pa amene analandira wa aluminiyamu ndi MPL, mmodzi yekha mwa 8 ndiye anatetezeka. Pa a mafuta osakaniza ndi madzi, awiri mwa 7. Pa amene munali MPL ndi QS-21 pamodzi, 6 mwa 7. Puloteni inali imodzimodzi, chinasiyana ndi adjuvant basi. Pambuyo pake panabwera kafukufuku wamkulu wa 2009 mpaka 2014, wa ana oposa 15,000 m'mayiko 7 a mu Africa, ndipo Lilongwe anali amodzi mwa malo ake. Mwa ana amene anayamba ali ndi miyezi 5 mpaka 17 n'kulandira kanayi, malungo anachepa ndi 36 peresenti pa zaka pafupifupi zinayi. Si chitetezo chathunthu, n'chifukwa chake neti isachoke pabedi. Komabe m'madera a ku Malawi, Ghana ndi Kenya kumene katemerayu ankaperekedwa, imfa za ana a msinkhu wolandira zinatsika ndi 13 peresenti. AS01 yemweyu alinso m'katemera wa TB wotchedwa M72, amene akuyesedwa tsopano m'mayiko angapo kuphatikizapo Malawi ndi Zambia.

Za mwana wanuyo, mayi: kutupa pang'ono ndi kutentha thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri zimayembekezeka. Muyamwitseni pafupipafupi ndipo musamufunditse zolemera. Akakomoka kapena kuchita njirinjiri, akakana kuyamwa, akafooka kwambiri, kapena kutentha kukapitirira masiku awiri, thamangirani kuchipatala akamuyeze magazi, chifukwa mwana wobayidwa katemera akhoza kudwalabe malungo. Jakisoni wachitatu ndi wa miyezi 7, wachinayi wa miyezi 22. Wachinayiyu ndi amene ambiri amaiwala chifukwa mwana amakhala akuthamanga kale, choncho lembani tsikulo m'buku lake la kusikelo.