Makina a CPAP amauza chipatala chiyani m'mawa uliwonse?

Mayi wina wa ku Leicester, ku England, watilembera kuti: "Bambo akunyumba amabanika kutulo, ndipo anawapatsa makina a CPAP masabata atatu apitawo. Namwino waimba foni kuti akungowavala maola awiri pa usiku. Wadziwa bwanji, nanga titani?"

Mayi, CPAP ndi makina opopera mpweya kudzera m'masiki kuti njira yopumira isatsekeke munthu ali m'tulo. Makina ambiri a masiku ano, monga AirSense 10 ndi 11 a kampani ya ResMed, ali ndi modemu mkati yomwe imagwira netiweki ngati foni. Bambo akavula masiki m'mawa, makinawo amatumiza zonse za usikuwo, namwino n'kuziona pa kompyuta kudzera pa pulogalamu ya ResMed yotchedwa AirView. Choncho musamazule pulagi akangodzuka, apo ayi uthengawo suchoka.

Namwino amayang'ana maola, mpweya wothawira m'mbali mwa masiki, mphamvu ya mpweya, ndi AHI, kutanthauza kangati pa ola munthu wasiya kupuma kapena wapuma moperewera. Zipatala zambiri zimatsata muyezo wa Medicare, inshulansi ya zaumoyo ya boma la America: kuvala masiki maola 4 kapena kuposa pa usiku, pa masiku 21 mwa masiku 30. Ife timautenga ngati poyambira chabe. Tulo tamaloto timachuluka chakum'bandakucha, ndipo kwa ambiri ndi pomwe kubanika kumakula. Wovula masiki pakati pa usiku amagona nthawi yovutayo opanda thandizo.

Pa maola awiri aja, ife tingayambe kukayikira masiki. Pa makina a ResMed, mpweya wothawa ukapitirira malita 24 pa mphindi, ndiye kuti penapake sipakugwira. Mwina saizi si yawo, mwina ndevu kapena mafuta a kumaso akuterereza mphira. Ambiri akamva mpweya ukuwomba m'maso amakoka malamba mwamphamvu, koma mphira uja ukafinyika umapindika, mpweya n'kumathawa kwambiri, pamphuno n'kutuluka chilonda. Malamba azingogwira mopepuka, ndipo masiki aikidwe bwino munthu atagona kale, makina akuyenda. Ngati masiki ndi ya mphuno yokha koma bambo amadzuka kukhosi kuli gwa, ndiye kuti amagona kukamwa kuli yasa. Apo pamafunika lamba wa pachibwano kapena masiki yophimba mphuno ndi pakamwa, komanso kukweza chinyezi cha m'kabotolo ka madzi ka pa makinawo.

Mphamvu ya mpweya imakhala pakati pa 4 ndi 20 cmH2O (muyezo wa mphamvu ya mpweya pa makinawa). Ikamawalemera poyamba kugona, pali ramp, yomwe imayamba pang'ono n'kumakwera tulo tikamabwera. Namwino angathe kusintha zimenezi ali ku chipatala komweko, bambo osanyamuka. Koma musasinthe nokha. AHI ikakhalabe pamwamba pa 5 mpweya usakuthawa, dokotala ayenera kuona ngati mphamvu yachepa kapena ngati ubongo ndi umene ukuiwala kulamula kupuma, chifukwa thandizo lake n'losiyana.

Chimene makina sangadziwe ndi chifukwa chomwe bambo avulira. Chimfine, mantha ophimbidwa kumaso, manyazi pamaso pa inu, zonsezi pa kompyuta zimangooneka ngati maola ochepa. Sabata ino muzilemba m'mawa uliwonse nthawi imene anavula ndi chimene chinawavuta, ndipo namwino akaimbanso mumuwerengere. Musadikire tsiku lokaonana ndi dokotala, poti chizolowezi cha masabata oyambawa ndi chimene ambiri amapitiriza nacho. Madzulo azivala masiki mphindi 30 akuonera TV kuti nkhope izolowere, ndipo ngati akusinzabe masana, asayendetse galimoto.

Mukadzapita nawo kumudzi makinawo, modemu mwina sidzagwira netiweki. Onetsetsani kuti muli kakhadi ka SD, kazisunga zonse mpaka mudzabwerere.