Ndazolowera kayaki ku Cape Maclear, kodi kunyanja yamchere ndikatha?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakonda kupalasa kayaki, kabwato kakang'ono kaja, ku Cape Maclear mpaka pa chilumba cha Thumbi, n'kumaonera mbuna nditavala magalasi aja ndi kapaipi kopumira. Pano anzanga akuti Disembala tipite ku Mozambique tikaone makorali. Kodi makoraliwo si miyala yomweyi tili nayo kunoyi? Nanga luso langali likandikwanira? Wowerenga wa ku Mangochi

YANKHO: Achimwene, si miyala ayi. Pa Thumbi mbuna zimadya ndere pa miyala yeniyeni, pomwe korali ndi tinyama ting'onoting'ono tambirimbiri tomwe timadzimangira chigoba cha laimu, ndipo timafuna madzi amchere basi, n'chifukwa chake m'nyanja yathu simudzawapeza. Mkati mwa tinyamato mumakhala ndere zina zosaoneka ndi maso zomwe zimapatsa koraliyo chakudya komanso mtundu uja wokongola, ndiye madzi akatentha kuposa mwa nthawi zonse kwa masabata angapo, olo ndi digiri imodzi yokha, nderezo zimatuluka korali n'kuyera mbuu, kutenthako kukapitirira amafa. Mu 1998 zimenezi zinapha makorali ambiri m'nyanja ya Indian. Mitundu ina imakula sentimita imodzi pachaka, ndiye musamaimepo kapena kuthyolako kachidutswa koti mukaonetse kunyumba, chonde.

Za luso, kupalasa mukudziwa kale, ndipo m'madzi amchere thupi limayandama mosavuta, apo mukasangalala. Koma chomwe Cape Maclear sinakuphunzitseni ndi kudzadza ndi kuphwa kwa madzi. Kumeneko nyanja imadzadza kawiri n'kuphwa kawiri patsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima kusiyana kwake kumafika mamita atatu kapena anayi m'malo ambiri, ku Beira kumaposa pamenepo. Mutha kusiya kayaki pamchenga wouma, pobwera mupeza yapita. Kapena mwalowa bwinobwino pobwerera mupeza madzi athawa, muyambe kukoka kayaki mtunda wautali dzuwa likuswa mtengo, ndiye choopsa zedi ndi mipata ya pakati pa zilumba chifukwa madzi akamatuluka amathamanga ngati Shire nthawi yadzinja ndipo munthu uli chafufumimba maso pa nsomba suzindikira kuti ukutengedwa. Funsani asodzi a pamalopo nthawi ya madzi, lowani pomwe atsala pang'ono kusiya kudzadza, laifu jaketi ikhale pathupi, kayaki imangidwe chingwe mukhale nacho pamkono, nangula ngati alipo aponyedwe pamchenga osati pa korali. Osapita nokha.

Malo ake, zilumba za Bazaruto kufupi ndi Vilankulo ndi paki yotetezedwa kuyambira 1971, kuli malo otchuka a makorali otchedwa Two Mile Reef, koma kumeneko anthu amapita pa boti ya injini, kayaki ine sindingakulimbikitseni. Zilumba za Quirimbas ndi Ibo ndiye zinatchuka ndi maulendo a kayaki, vuto ndi nkhondo ya ku Cabo Delgado, chigawo chomwe kuli zilumbazo, yomwe inayamba mu 2017, kumeneko kudikire kaye. Kwa munthu wochokera ku Mangochi ndingasankhe Nacala, gombe lake ndi lobisika ku mafunde akuluakulu komanso ndi kufupi mukatulukira pa Chiponde.

Koma Disembalayo auzeni anzanuwo aganizenso. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe, Idai ndi Kenneth onse anagwa mu Malichi ndi Epulo 2019, komanso mvula imavundula madzi osaona kanthu. Seputembala kapena Okutobala ndiye bwino. Mugule nsapato zolowa nazo m'madzi chifukwa pansi pali tizilombo takuda taminga itali, komanso nsomba yaululu yomwe imangooneka ngati mwala. Valaninso malaya a manja aatali, msana umapsa osadziwa.