Usafufute kaye, mphwanga

Eee mphwanga, voice yako ija ndaimva. Abale ena pagulu pano mutikhululukire, izi ndi za kuntchito, mukhoza kungodumpha.

Ndiye ukuti abwana akuuza kuti uyeretse seva ya Jamf (pulogalamu yoyang'anira ma Mac onse) kusukulu kwanu ku Randburg, ma package (mafayilo oikira mapulogalamu) ndi ma script (malamulo olembedwa oti kompyuta iwatsate) adzaza, ena sakudziwika n'komwe kuti anawaika ndani. Funso lako n'lakuti ungafufute zonse zimene sizili pa policy iliyonse, ija imauza ma Mac zoti aike kapena achite? Ayi, usatero.

Package imatha kusaoneka pa policy koma ikugwirabe ntchito kwina. Lowa mu PreStage Enrollment uone. Mmenemo muli zimene zimalowa zokha Mac yatsopano ikangotuluka m'katoni n'kuyatsidwa. Ukafufuta ya mmenemo, lero sudziwa kanthu. Udzadziwa mu Januwale, sukulu zatsegulidwa, ma laputopu atsopano ali pa tebulo, aphunzitsi aima pakhomo pako akudikira. Uonenso mu Patch Management, ija yosintha mapulogalamu akale kuti akhale atsopano, nayonso imagwira ma package ake.

Chinanso chimene chimapusitsa anthu ndi policy yooneka ngati yagona, yosayenda pa check-in (pamene Mac imafunsa seva ngati pali ntchito), yosapezeka mu Self Service (app imene anthu amadziikiramo mapulogalamu okha). Tsegula uone ngati ili ndi custom trigger, dzina lapadera loidzutsira. Ikakhala nayo, fufuza m'ma script mawu akuti jamf policy -event, chifukwa mwina pali script ina imene imaidzutsa. Anyamata amene anakhazikitsa sevayo anachoka kalekale, sanalembe paliponse, ndiye iwe uziwerenga wekha mzere ndi mzere. Zimatopetsa, inde, koma ndi ntchito imeneyo.

Zosavuta zilipo. Ma Chrome ndi ma Zoom akale, amene munthu ankangoika atsopano osachotsa akale, usiye watsopano ndi wam'mbuyo mwake mmodzi, ena onse apite. Script imene mzere wake woyamba uli #!/usr/bin/python, imeneyo inafa kale pa makina ambiri. Apple inachotsa Python 2.7, chilankhulo chimene script yotere imayendera, mu macOS 12.3, chaka cha 2022. Koma uione kaye kuti inkachita chiyani, mwina ntchito yake ikufunikabe, ingofunika kuilembanso mu zsh, chilankhulo china cha ma script. Za ma package a ma Mac a purosesa ya Intel okha, panga Smart Group (gulu limene Jamf imasankhiramo yokha makina malinga ndi zimene waiuza) ikuuze ngati ma Mac a Intel atsala. Ma M1, amene analowa m'malo mwa Intel, anayamba mu 2020, koma m'masukulu makina akale amakhalitsa.

Tsono usanakhudze chilichonse, dziwa kuti mu Jamf mulibe bini yoti ukatolemo zimene wataya. Ukafufuta zapita. Kopera ma script onse uwasunge mu Git (mosungira code), ma package nawonso uwatsitse pa disiki yapadera. Kenako panga category uitchule kuti Zofufuta, uzisamutsira mmenemo, ma policy ake uwazimitse, udikire mwezi. Pakapanda wodandaula, fufuta. Ndipo osati Lachisanu madzulo ukuthamangira taxi ya ku Bree. Uchite Lachiwiri m'mawa, abwana atavomereza mndandandawo pa imelo, kuti mawa asadzati unachita wekha.

Ukafuna ndikuonereko script ina yokayikitsa, unditumizire ku inbox, osati pagulu pano. Uyambe waona ngati mulibe password mkati, ma script akale ambiri anthu ankangoilemba poyera. Ukaipeza, uwauze abwana aisinthe lero lomwe.