Zowala m'botolo lanuzo, kodi ndi graphene?

Mchemwali wina amene ali chaka chomaliza cha maphunziro a chemistry wanditumizira imelo. Akuti: "Ndinawotcha citric acid ndi urea mu microwave, zotsalazo ndinasungunula m'madzi, ndipo ndikawalitsa tochi ya UV madziwo akuwala buluu. Kodi ndapanga ma graphene quantum dots? Nanga n'zoona kuti amachiza khansa? Ndikufuna imeneyi ikhale pulojekiti yanga."

Achemwali, pulojekitiyo ndi yabwino, koma dzina limenelo musalilembe kaye pachikuto.

Graphene ndi kaboni yemweyu wa mkati mwa pensulo, koma wosendedwa mpaka kutsala kapepala kochindikala atomu imodzi yokha, maatomu ake atalukana ngati waya wa khola la nkhuku. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anamupatula mu 2004 ku University of Manchester, pomata selotepi pa graphite, kaboni wa m'pensulo uja, n'kumamatula, ndipo mu 2010 analandira mphoto ya Nobel. Pepala lalikulu la graphene siliwala ngakhale muliunike motani, chifukwa maelekitironi ake amayenda momasuka, alibe mpata woti adumphe n'kutulutsa kuwala pobwerera. Mukaliduladula mpaka tizidutswa tosakwana mananomita 20, pamene tsitsi limodzi limanenepa pafupifupi mananomita 80,000, maelekitironi aja amapanikizika, mpata uja umatseguka, kuwala n'kuyamba. Tizidutswa timeneti ndi timene timatchedwa graphene quantum dots, kapena kuti timadontho ta graphene. Kachidutswa kakachepa kwambiri kuwala kumapendekera ku buluu, kakakulirapo kumapita kofiira.

Lamulo limeneli limagwira bwino pa timadontho ta cadmium selenide ndi anzake, tija tinapezetsa Moungi Bawendi, Louis Brus ndi Alexei Ekimov mphoto ya Nobel mu 2023. Pa graphene zinthu n'zosokonekera. Mtundu wa kuwala umadaliranso mmene m'mphepete mwa kachidutswako mwadukira, ndiponso okosijeni ndi naitirojeni amene wakakamira pamenepo. Anthu amatifunabe ta kaboniti chifukwa cadmium ndi poizoni, sungamulowetse m'thupi la munthu mwachisawawa.

Kapangidwe kali pawiri. Njira yoyamba ndi yophwanya chachikulu. Mu 2010 gulu la Dengyu Pan ku Shanghai University linadula mapepala a graphene powaphika m'madzi, m'chitini chachitsulo chotsekedwa, pa madigiri 200, n'kupeza timadontho towala buluu. Mu 2013 gulu la James Tour ku Rice University, ku Houston, linaonetsa kuti malasha wamba amatulutsa timadonthoti akaphikidwa maola 24 m'chisakanizo cha sulfuric acid ndi nitric acid. Wina akamva zimenezi aganiza za malasha a ku Mchenga ku Rumphi kapena graphite ya ku Kasiya, ndipo salakwa, zopangira tili nazo. Koma maasidi awiriwa akatentha amatulutsa utsi wowononga mapapo, ndiye popanda kabati yokoka utsi musayerekeze n'komwe.

Njira yachiwiri ndi yanuyo, yomanga kuchokera ku timamolekyu tating'ono. Mu 2012 ofufuza a ku Fuzhou University anatenthetsa citric acid yekha pa madigiri 200 kwa theka la ola n'kunena kuti apeza timadontho ta graphene. Ndi yotchipa, ndi yachangu, ndipo n'chifukwa chake mapepala a kafukufuku a mtundu umenewu achuluka zedi. Ena ayesa ndi makoko a malalanje, ena khofi, ena masamba a tiyi, onse akuwala.

Vuto lagona pomwepo. Citric acid akatenthedwa pamodzi ndi chinthu chokhala ndi naitirojeni, monga urea wanuyo, amapanganso timamolekyu wamba towala kwambiri. Limodzi mwa ito ndi citrazinic acid, ndipo limawala buluu. Ofufuza atayamba kusefa bwinobwino zimene ankapanga, anapeza kuti nthawi zambiri kuwala kochuluka kumachokera ku timamolekyuti, osati ku timadontho. Ndiye buluu mukumuonayo akungotiuza kuti m'botolomo muli chinachake chowala. Ngakhale kwinini, mankhwala akale aja a malungo, amawala buluu pa tochi yomweyo, ndipo mulibe graphene ngakhale pang'ono.

Kuti munthu anene molimba mtima kuti ndi graphene, pamafunika maumboni angapo. Makina a TEM amaonetsa kukula kwa timadontho ndi mizere ya maatomu. Makina a AFM amayeza msinkhu, chifukwa kadontho ka graphene kayenera kukhala kaphwatalala, ka mapepala amodzi kapena ochepa, osati kobulungira. Makina a Raman amatsimikiza kalukidwe ka kaboniyo. Timadontho tobulungira topanda dongosolo timatchedwa carbon dots, ndipo ine ndikuganiza kuti ngati muli nato timadontho, ndi timeneti. Si chamanyazi, ndi dzina loona.

Za khansa ndiyankhe mosazungulira: palibe dokotala amene angakulembereni timadontho ta graphene lero. Ntchito imene yachitika ndi ya m'maselo a m'mbale za labotale ndi mbewa. Koma si yachabe. Timadonthoti timalowa m'maselo n'kuwalira momwemo, ndipo sitizilala msanga monga utoto wina woonera maselo. Mankhwala a khansa monga doxorubicin amamatirira pamwamba pake chifukwa onse ndi aphwatalala, choncho ofufuza amatiyesa ngati chonyamulira mankhwala. Tina tikaunikidwa timasandutsa okosijeni wa pafupi kukhala waukali wopha selo, ndipo zimenezi zayesedwa pa zotupa za mbewa. Mu 2018 ofufuza a ku Johns Hopkins University ndi Seoul National University anaonetsa kuti timadonthoti timalepheretsa puloteni ya alpha-synuclein kuunjikana mu ubongo wa mbewa, puloteni imene imakhudzana ndi matenda a Parkinson. Chotsekereza njira yopita kuchipatala ndi chomwe chija chili m'botolo lanu: mphika wa lero ndi wa mawa satulutsa zofanana ndendende, ndipo bungwe loona za mankhwala silingavomereze chinthu chimene wopanga sangachifotokoze atomu ndi atomu.

Ndikanakhala inu ndikanasiya za khansa n'kutenga funso limene labu yanu ingaliyankhe. Gulani kathumba ka dialysis, kathumba kosefera ka timabowo tating'ono kwambiri, muthiremo madzi anu owalawo, mukaviike m'madzi oyera amene muziwasintha kwa masiku angapo. Timamolekyu tating'ono tidzatuluka, timadontho tidzatsalira. Yezani kuwala kwa mkati ndi kwa kunja, muyerekeze ndi quinine sulfate, mtundu wa kwinini uja, amene ndiye muyeso wodziwika chifukwa amabweza pafupifupi 54 peresenti ya kuwala kumene wamwa. Kenaka onani mmene ayironi wa mtundu wa Fe3+ amazimitsira kuwalako, chifukwa pamenepo mungapange njira yoyezera ayironi m'madzi a pamjigo. Za TEM ndi Raman pemphani aphunzitsi anu alembere anzawo a ku mayunivesite a ku South Africa, ndipo mutumize zimene zatsalira m'kathumba zokhazo, zitaumitsidwa.