Ukufuna udokotala koma ukudumpha ma log?

Mnyamata wa Folomu 4 pa CDSS ina ku Dedza walemba kalata yodandaula. Pa mock anapeza giredi 8 pa masamu, pass chabe. Mafunso ofunsa kuti chinthu chidzachuluka kapena kuchepa pakapita nthawi yaitali bwanji amangowadumpha, chifukwa akaona "log" mutu umaima. Bambo ake akuti akhale dokotala basi, ndipo auza kale abale onse kuti mwana akupita ku KUHeS, yunivesite yophunzitsa za udokotala. Funso lake: kodi angausiye mutu wa ma logwu n'kulimbikira Biology?

Makalata otere amabwera chaka chilichonse mayeso a MANEB akayandikira. Iyayi mwanawe, sungausiye. Ndipo ndisakunamize: ndi 8 pa masamu, za KUHeS iwalako kaye. Kumeneko amafuna masamu pamodzi ndi Biology, Chemistry ndi Physics, malo ndi ochepa, ndipo ukulimbirana ndi ana a mapointi ochepa kwambiri.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti mutu ukuuthawawu ndi umodzi mwa mitu yosavuta. Log ili ndi ntchito imodzi pa mafunso amenewa: kutsitsa nambala yosadziwika imene yakhala pamwamba ngati power.

Tenga katapila. Munthu wabwereka K50,000, ndipo mwezi uliwonse ngongole yonse ikukwera ndi 30%. Idzafika liti K200,000? Lemba 50,000 × 1.3^n = 200,000 (n ndi miyezi, 1.3 ndi ngongole yonse kuphatikiza 30%). Usathamangire log. Yamba wagawa mbali zonse ndi 50,000, utsale ndi 1.3^n = 4. Tsopano ika log uku ndi uku, n atsike: n × log 1.3 = log 4. Pa kakyuleta, 0.602 kugawa ndi 0.114, yankho ndi miyezi 5.3. Isanakwane miyezi isanu ndi umodzi, ngongole yachuluka kanayi. Ambiri amagwa pawiri: amaika log asanagawe n'kusokonezeka, kapena amaganiza kuti log 4 kugawa ndi log 1.3 n'chimodzimodzi ndi log 4 kuchotsa log 1.3. Si zofanana m'pang'ono pomwe.

Njira yomweyi imawerengera anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, akuchuluka ndi 2.9% pachaka. Liwiro likakhala lomwelo, 1.029^n = 2, ndiye kuti log 2 kugawa ndi log 1.029, zaka pafupifupi 24 chiwerengero chawirikiza.

Nanga za udokotala zimene bambo ako akulota? Tiyerekeze kuti mankhwala akuchepa m'magazi ndi 20% ola lililonse. Apa pali msampha: ukulemba 0.8, osati 0.2, chifukwa timawerenga chotsala, osati chimene chapita. Kuti atsale gawo limodzi mwa magawo anayi, 0.8^n = 0.25. Ma log onse awiri atuluka ndi minus, usachite mantha, ukagawa minus amatha ndipo upeza maola 6.2. Ophunzira za mankhwala amakumana ndi masamu amenewa pofuna kudziwa kuti wodwala amwenso nthawi yanji. Ndiye ukuthawira kuti?

Inu bambo, ndilankhulenso nanu. Mwamuveka mwana jekete loyera asanalembe n'komwe mayeso, ndipo pano akuopa kukuuzani kuti masamu akumuvuta. Kalata walembera ine, osati inu. Munayamba mwaonapo kope lake la masamu? M'malo molengeza ku ukwati ndi kumaliro, mufunseni ngati ali ndi kakyuleta yakeyake, poti ambiri amabwerekana m'kalasi, n'kukafika m'mayeso osadziwa pali batani la log. Dziwaninso kuti chipatala si madokotala okha. Kuli Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kumene kumachokera ma clinical officer ndi anamwino. Komatu nakonso amayang'ana ma credit a sayansi, si kothawira aulesi.

Iwe mnyamata, kuchoka pa 8 kufika pa credit n'zotheka ngati usiya kudumpha mafunso. Sonkhanitsa mapepala akale a MANEB, tola mafunso onse a ma log, uzichita atatu tsiku lililonse, kulemba sitepe iliyonse poti njira nayo ili ndi malikisi. Amene akukanika upite nawo kwa aphunzitsi Lolemba lomweli, usadikire kuti mpaka afike pa revision.